Chisoti cha njinga yamoto: kuchitsuka, kuchiyendera ndi kudziwa tsiku lochitaya

Nkhani yokambidwa kwa oyendetsa njinga zamoto mumzinda wa Kitwe

Ena mwachokera konkuno, ku Chimwemwe, ku Buchi, ku Wusakile ndi ku Chamboli. Ena mwalawirira kuchokera ku Ndola, ku Chifubu, ku Lubuto ndi ku Masala. Ndikudziwa kuti ola limene mwakhala pano ndi ndalama imene yakudutsani pamsewu, choncho ndiyesetsa kuti mubwerere ndi kanthu m'manja. Ndilankhula chilankhulo chakwathu, pakuti ambiri muno makolo athu ali ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, ndipo ena ndinu zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ino.

Nkhani yanga ndi ya chisoti, chimene ambiri timangoti helemeti. Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act ya 2002, limene linakhazikitsanso bungwe loona za pamsewu la RTSA, limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale chisoti. Zimenezo mukuzidziwa, ndipo apolisi amakukumbutsani tsiku ndi tsiku. Koma wapolisi amangoona kuti pamutu pali kanthu. Sayang'ana m'kati mwake, sakoka lamba, safunsa kuti chinagwapo kangati. Ntchito imeneyo ndi ya mwini mutu, ndipo nthawi yabwino yoigwira ndi pamene mukuchitsuka.

Ife a kuno ku migodi sitiyenera kuphunzitsidwa zambiri pa nkhani imeneyi. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya munthu wa mumgodi, kaya ku Nkana kapena ku Mindolo, akudziwa kuti munthu satsika pansi asanadutse kuchipinda cha nyale. Amatenga nyale yake, kuiyatsa, kuona ngati ikuwala bwino, ndipo akaweruka amaibweza kuti ichajidwe ndi kuonedwa. Palibe amene amati nyale yanga inayaka dzulo, ndiye lero sindiiyesa. Likulu la Mines Safety Department lili mumzinda uno wa Kitwe, ndipo mwambo woyendera zida zodzitetezera unalowa m'magazi a makolo athu. Chodabwitsa n'chakuti mwana wa munthu yemweyo akakwera njinga, chisoti chake amachiponya pansi pa bedi, kuchikhalira akamacheza pa siteji, n'kuchivala zaka zambirimbiri osachitsegula m'kati.

Ndichenjezeretu za chinthu chimodzi chimene chimaoneka m'misewu yathu. Chisoti cha mumgodi kapena cha pa ntchito yomanga si chisoti cha njinga. Chimene chija anachipanga kuti chilandire mwala kapena chitsulo chogwa kuchokera kumwamba. M'mbali ndi kumbuyo mulibe chotetezera, ndipo lamba wake, ngati alipo, sagwira mwamphamvu. Munthu akagwa pa njinga, chimathothoka mutu usanafike pa tala.

Tione pang'ono kumene chisoti cha njinga chinachokera. M'mwezi wa May 1935, msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anagwa pa njinga yake ya mtundu wa Brough Superior m'dera la Dorset pozemba anyamata awiri amene anali pa njinga zakapalasa. Sanavale kanthu kumutu, ndipo anamwalira patatha masiku 6. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira anali Hugh Cairns, katswiri wa maopaleshoni a ubongo wobadwira ku Australia. Imfa ija inamukhudza kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba, iye anafufuza za asilikali onyamula mauthenga pa njinga zamoto, amene ankafa ambiri chifukwa chovulala m'mutu. Mu 1941 analemba zimene anapeza m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal, ndipo chaka chomwecho gulu la nkhondo la Britain linalamula kuti asilikali ake onse a pa njinga azivala zisoti. Anthu wamba a m'dzikomo lamulo linawapeza mu 1973. Kuyambira nthawi imeneyo kafukufuku wachitika wambiri. Mu 2008 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, n'kupeza kuti chisoti chimachepetsa imfa pa ngozi ya njinga ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Manambala amenewa akunena za chisoti chenicheni, chamoyo, chomangidwa pachibwano.

Kuti tidziwe kuchisamala, tiyenera kudziwa mmene chimagwirira ntchito. Chisoti chili ndi mbali zinayi. Kunja kuli chigoba cholimba, chopangidwa ndi pulasitiki monga polycarbonate kapena ABS, ndipo zina zodula ndi za fibreglass. Chigobacho chimamwaza mphamvu ya kugunda kuti isalunjike pamalo amodzi, chimaletsa zinthu zosongoka kuboola, komanso chimaterereka pa tala kuti khosi lisapotokole. M'kati mwenimweni muli masiponji okutidwa ndi nsalu, amene amakhudza tsitsi ndi masaya. Pali lamba wa pachibwano. Ndipo pakati pa chigoba ndi masiponji pali chinthu chimene ambiri sanachionepo: chithovu cholimba, nthawi zambiri choyera kapena chakuda, chotchedwa polystyrene. Ndi mtundu womwe uja wa zoyera zimene amatchingira TV kapena filiji m'katoni, koma ichi amachipanikiza mwa muyeso wake.

Chithovu chimenechi ndicho chimapulumutsa munthu. Ubongo umayandama m'madzi m'kati mwa chigaza. Mutu ukagunda pansi n'kuima mwadzidzidzi, ubongo umapitirirabe kuyenda mpaka kukagunda fupa m'kati, mitsempha n'kuduka, magazi n'kuyamba kutuluka kumene maso saona. Chithovu chikamaphwanyika pogunda, chimachititsa kuti mutu uime pang'onopang'ono, ngakhale kusiyana kwake kuli kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kanthawi kameneko ndi kamene kamasiyanitsa munthu wodzuka n'kudzisasa fumbi ndi munthu wonyamulidwa kupita ku Kitwe Teaching Hospital. Koma mvetsani bwino apa: chithovu chikaphwanyika sichibwereranso. Chimagwira ntchito kamodzi basi. Kusamala chisoti konse ndi kuonetsetsa kuti chithovucho, pamodzi ndi lamba, zifike pa tsiku la ngozi zili zamphumphu.

Tsono adani ake ndi ati kuno kwathu? Woyamba ndi petulo ndi abale ake: palafini, thinala, sipiriti ndi mankhwala otsukira mabuleki. Mukafika kunyumba, tengani kachidutswa ka zoyera za m'katoni zija, mudonthezerepo petulo muli panja, kutali ndi moto. Kasungunuka inu mukuona. Zimenezo ndi zimene zimachitika m'chisoti mukaikamo magolovesi onyowa ndi mafuta, kapena kansanza kopukutira injini, kapena mukachisiya pa thanki pamene akuthira mafuta. Chigoba chapulasitiki nachonso chimafooka ndi mankhwala amenewa. Chimaoneka chonyezimira bwino, koma chauma mtima, ndipo tsiku logunda chimasweka. N'chifukwa chake opanga zisoti amaletsa kuzipaka penti wamba. Achimwene amene mumafuna kuti chisoti chifanane ndi mtundu wa timu yanu, kaya ndi yofiira ya Nkana kapena yachikasu ya Power Dynamos, gulani chimene chinabwera kale ndi mtunduwo.

Mdani wachiwiri ndi thukuta. Mu September ndi October, dzuwa likafika pa liwombo, munthu woyenda tsiku lonse amanyowetsa masiponji ngati wawaviika m'madzi. Thukuta lili ndi mchere, ndipo likasakanikirana ndi mafuta odzola m'tsitsi ndi fumbi limaumitsa nsalu, kudya ulusi wa lamba ndi kuchititsa dzimbiri pa zitsulo zomangira. Masiponji akaphwa, chisoti chimene chinkakugwirani bwino chimayamba kugwedera. Wachitatu ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja. Kuyambira November mpaka March kuno mvula siseweretsa, ndipo chisoti chonyowa chikagona m'bokosi la katundu lotseka chimachita chuku. Wachinayi ndi kutentha: dzuwa la tsiku ndi tsiku, mbaula, ndi paipi ya utsi ya njinga.

Tiyeni titsuke tsopano. Zofunika ndi zochepa, ndipo zonse zili kale m'nyumba mwanu: beseni, madzi ofunda pang'ono oti dzanja likhalemo bwinobwino, sopo wofatsa monga shampu wa ana kapena sopo wosambira wopanda mankhwala amphamvu, nsalu yofewa yoyera, ndi mswachi wakale. Jik, Vim ndi sopo waufa wochapira maovolosi zisayandikire.

Yambani ndi kuchotsa galasi. Zisoti zambiri zili ndi kotsegulira m'mbali, pafupi ndi khutu. Zina zili ndi masikuluu. Musakakamize, chifukwa timapulasitiki ta pamenepo timathyoka msanga. Kenako chotsani masiponji a m'masaya ndi a pamwamba ngati ali ochotseka, ndipo onetsetsani mmene anakhalira kuti musavutike pobwezera. Aviikeni m'madzi a sopo kwa mphindi zingapo, muziwafinya ndi manja mofatsa. Mudzadabwa ndi mtundu wa madzi amene atuluke. Tsukuluzani mpaka thovu la sopo litatha, chifukwa sopo wotsalira amayabwa pakhungu mukatuluka thukuta. Musawapotokole ngati mukufinya chitenje. Akanikizeni pakati pa thaulo kuti madzi achoke.

Ngati masiponji sachoka, tsukani chisoti chonse m'beseni. Thirani madzi a sopo m'kati, kanikizani nsalu ndi zala, tsukuluzani kangapo, kenako chiikeni pamalo opita mphepo kuti madzi adonthe. Chotere chimatenga tsiku lathunthu kapena awiri kuti chiume, ndiye sankhani tsiku limene simukugwira ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yanikani pamthunzi. Padenga la malata ayi, pafupi ndi mbaula ayi, pa injini yotentha ayi. Kutentha kumafooketsa chithovu ndi guluu amene anagwirizanitsa zonse.

Chigoba chipukuteni ndi nsalu yonyowa ndi sopo pang'ono. Timabowo tolowera mphepo tidutsitseni mswachi, pakuti tikatsekeka ndi fumbi mutu umatentha ndipo galasi limachita nthunzi msanga. Lamba mutsukeni ndi mswachi womwewo, makamaka pamene amapinda ndi pa chomangira.

Galasi lifuna mawu akeake, chifukwa ndilo maso anu. Timalitcha galasi, koma ndi pulasitiki, ndipo limakandika mosavuta. Fumbi la kuno lili ndi mano. Ku Ndola kuli la laimu ndi simenti, kuno ku Kitwe kuli la miyala ya m'migodi ndi la misewu yadothi ya m'makomboni. Mukapukuta galasi louma ndi mkono wa jekete kapena ndi nyuzipepala, mukulikwecha ndi fumbilo. Masana timizere timeneti sitioneka kwenikweni. Dikirani usiku pamsewu wa Ndola kudza ku Kitwe, malole opita ku Kasumbalesa akakuwalitsani: kuwala kumamwazika galasi lonse, ndipo dzenje kapena munthu wowoloka mumamuona mutafika kale. Choncho yambani ndi kuthira madzi kuti fumbi litsike lokha, kenako sopo pang'ono ndi zala zanu, pomaliza nsalu yofewa. Mvula yoyamba ikagwa, inswa zimadzaza galasi ndipo zikauma zimakakamira. Musazipale ndi chikhadabo kapena kiyi. Yalani nsalu yonyowa pagalasipo kwa mphindi zochepa, zifewa n'kuchoka zokha. Mankhwala otsukira mawindo a m'nyumba asiyeni, ambiri amawononga pulasitiki. Galasi likakandika kwambiri gulani lina, ndipo lakuda lija ndi la masana okha.

Tsopano pamene chisoti chili chovula, masiponji ali pa chingwe, gwirani ntchito imene ndabwerera pano. Chitengereni poyera muyang'ane chithovu. Pali mng'alu? Pali malo ophwatalala kapena olowa m'kati? Chikugwedera m'chigoba? Pali pamene pasungunuka? Yendetsani chala ponseponse, chifukwa chala chimamva zimene diso laphonya. Yang'anani chigoba, makamaka m'mphepete ndi mozungulira mabowo a masikuluu. Kokani lamba mwamphamvu mbali zonse ziwiri, muone pamene anakhomedwa ku chigoba ngati pali dzimbiri, muone ngati ulusi wayamba kusomphoka. Mangani chomangira, kokani, muone ngati chikutseguka chokha. Mukabwezera zonse, valani, mangani lamba moti zala ziwiri zokha zilowe pansi pa chibwano, kenako gwirani chisoti kumbuyo muyese kuchivula chakutsogolo. Chikavuka m'manja mwanu, chidzavukanso pamsewu.

Kodi muzitsuka kangati? Woyenda tsiku lililonse, galasi ndi tsiku lililonse m'mawa. M'kati, pa milungu iwiri iliyonse m'nyengo yotentha, ndi kamodzi pamwezi m'nyengo yozizira ya June ndi July. Madzulo mukafika kunyumba, tsegulani galasi, chisoti chigone pamalo opita mphepo. Kuvala kansalu kopyapyala kumutu kumathandiza kwambiri, pakuti kansaluko kamamwa thukuta ndipo kamachapika madzulo alionse.

Pali tizizolowezi tina timene timapha chisoti mwakachetechete. Kuchikoleka pa galasi loonera kumbuyo kumaboola chithovu pamalo amodzi tsiku ndi tsiku. Kuchikhalira kumachipanikiza m'njira imene sanachipangire. Kuchisiya pampando wa njinga kumathera pa kugwa. Malo abwino ndi pansi pouma, kapena pa shelefu, kukamwa kwake kutayang'ana pansi. Ndipo chisoti si dengu: tomato, makiyi, masipanala ndi botolo la oilo zili ndi malo ake.

Ndinene za inu amene mumanyamula anthu. Wokwera akakana chisoti, nthawi zambiri chimene akukana ndi fungo. Amayi amene angochoka kokonzetsa tsitsi, kapena abambo amene akupita ku ofesi, sangalowetse mutu m'chisoti chonunkha thukuta la anthu a mwezi wathunthu. Ndipo mantha awo ali ndi chifukwa, pakuti chipere ndi nsabwe zimayenda kuchoka pa mutu wina kupita pa wina kudzera m'zovala za kumutu. Mukamachapa chisoti cha wokwera kawirikawiri, n'kusunga tinsalu toyera tingapo tovala m'kati, mudzaona kuti okana achepa, ndipo makasitomala adzayamba kukufunani ndi dzina. Musapatse wokwera chisoti chimene inu munachisiya chifukwa chinagwa. Mutu wake ndi wofewa chimodzimodzi ndi wanu. Mwana naye chisoti cha munthu wamkulu sichimuteteza, chifukwa chimangozungulira pamutu.

Funso lovuta ndi lakuti chisoti chimatha liti. Chikagunda pansi mutu uli m'kati, chatha, ngakhale kunja kutangokalika pang'ono. Chithovu chaphwanyika kale pamalo amenewo, ndipo kawirikawiri kuphwanyikako kumakhala mbali yoyang'ana ku chigoba, kumene simungaone. Chikagwa chokha kuchokera pampando, nthawi zambiri chimapulumuka, koma chiyendereni bwino. Ngakhale chisanagwepo, opanga ambiri pamodzi ndi bungwe loyesa zisoti la Snell la ku America amalangiza kusintha pakatha zaka pafupifupi 5 chikugwira ntchito. Tsiku limene chinapangidwa limalembedwa pa kapepala m'kati, pansi pa masiponji. Potaya chisoti chakutha, dulani lamba, kuti wina asachitole n'kukachigulitsa.

Apa ndiye pali vuto la zisoti za salaula. Jekete ya salaula mukhoza kuiona ponse n'kudziwa ngati ili bwino. Chisoti chakale chimabisa mbiri yake. Simudziwa ngati mwini wake woyamba anagwa nacho, kapena ngati chinagona zaka m'galaja pafupi ndi zigubu za mafuta. Pogula chatsopano, kaya ku Chisokone kapena m'sitolo za m'tauni, yang'anani pa lamba. Chisoti choyesedwa pa muyeso wa United Nations, umene umatchedwa ECE 22, chimakhala ndi kansalu kosokerera pa lamba, kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Nambala yaitali imene ili pambali imayamba ndi 05 kapena 06, ndipo 06 ndiwo muyeso watsopano. Chilembo P chimatanthauza kuti chotchinga chibwano chinayesedwa, pamene J ndi chisoti chotseguka kumaso. Chomata cholembedwa DOT kumbuyo ndi cha muyeso wa ku America, koma chomata aliyense akhoza kusindikiza, choncho musadalire icho chokha. Pisani dzanja pansi pa nsalu. Chithovu cha chisoti chenicheni chimakhala cholimba, chokhuthala masentimita awiri ndi theka kapena kuposa. Mukapeza siponji yofewa yokhayokha, ndipo chigoba chikupindika mukachifinya ndi manja, chisiyeni pomwepo.

Ndisakunamizeni kuti chisoti chabwino chimaletsa imfa iliyonse. Pa muyeso wa 22.05, chisoti amachiyesa pochigundanitsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 27 pa ola, zofanana ndi kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 3. Ntchito yake ndi kulandira mutu ukamagunda pansi munthu akagwa. Kugundana maso ndi maso ndi lole pa liwiro la 100 ndi nkhani ina. Choncho liwiro, mowa ndi kulowerera pakati pa magalimoto zikadali m'manja mwanu.

Chomaliza ndi cha tsiku limene mnzanu wagwa. Mtima umathamangira kumuvula chisoti kuti apume. Dikirani. Ngati akupuma bwino, tsegulani galasi lokha, mugwireni mutu kuti usagwedezeke, mulankhule naye, ndipo wina aitane thandizo. Munthu wogwa pa njinga akhoza kukhala atathyoka khosi, ndipo kukoka chisoti mwamphamvu kungamupuwalitse moyo wake wonse. Chivuleni pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa ndi masanzi kapena magazi, ndipo muchite anthu awiri, wina atagwira khosi ndi chibwano, wina akuchikoka pang'onopang'ono. Chisoticho chipite naye kuchipatala, kaya ndi kuno kapena ku Ndola Teaching Hospital, chifukwa pamene chaphwanyika pamawauza madokotala mbali imene mutu wagunda. Ndipo amene wagunda mutu n'kudzuka, akayamba kusanza, kusinza, kuiwala kapena kumva mutu kwambiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi otuluka m'kati mwa chigaza nthawi zina amadikira maola asanamugwetse munthu.

Pempho langa kwa atsogoleri a masiteji ndi ili: sankhani tsiku limodzi pamwezi loti aliyense abwere ndi chisoti chake chochapa, ndipo muziyenderana, wina kuona cha mnzake. Munthu amachitira chifundo chisoti chake chifukwa akudziwa mtengo wa chatsopano, koma mnzake amamuuza zoona. Ngati muli ndi chilimba chosonkherana ndalama, ikanimo ndi zisoti, kuti amene chake chatha asadikire mwezi wa mawa. Tsoka silinunkha.

Amene mwabwera ndi zisoti zanu, bwerani nazo kutsogolo kuno. Tichotsa masiponji, tione chithovu ndi malamba limodzi, ndipo mafunso anu ndiyankha tili pa ntchito yomweyo.